Chinsinsi cha a Tifika pa Mpando Wometera

Aphungu,

Ine ndine wometa. Ndili ndi kashopu kanga pakona, pafupi ndi depoti ya mabasi. Muli mpando umodzi, galasi lalikulu lomwe linang'aluka chakumwamba, ndi benchi pomwe pamakhala anthu ambiri odzacheza kuposa odzameta. Kulemba si ntchito yanga, ndiye mundipirire ndikamazungulira. Nkhani yanga ndi ya bambo ena omwe si abale anga, koma akanati makolo amasankha, ine ndikanasankha iwowo.

Tonse timawatchula kuti a Tifika. Anayendetsa mabasi akuluakulu zaka 36 osagundapo ngakhale nkhuku. Dzinali analipeza chifukwa apaulendo akayamba kudandaula kuti, "Adalaivala, pondani moto, tichedwa!" iwo ankangosuzumira pagalasi n'kuyankha kuti, "Tifika." Ndipo ankafikadi. Nthawi zina ankadutsa mabasi aliwiro omwe anawapitirira ataima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, apaulendo atakhala pa zikwama zawo.

Ndinawadziwa zaka 19 zapitazo, mlungu womwe ndinatsegula shopu. Ndinali nditakhala masiku atatu osaona mutu wa munthu. Tsiku lachinayi analowa iwo, atavala malaya oyera a kuntchito, n'kukhala pampando. Pokonza m'mbali ndinawacheka khutu ndi lezala. Magazi anadonthera pa kolala yoyera ija. Mumtima ndinati basi, yanga yatha isanayambe. Iwo anayang'ana pagalasi, n'kunena mosatekeseka kuti, "Pitiriza, mwanawe. Khutu lina lilipo." Patapita milungu iwiri anabweranso, atatenga makondakitala awiri. Anawauza kuti, "Khalani apa. Mnyamatayu akuphunzira, ndipo munthu saphunzirira pa dzungu." Kuyambira pamenepo sanaphonyepo Loweruka lawo, kawiri pa mwezi, teni koloko m'mawa.

Koma chimene chinandigonjetsa si chimenecho. Atapuma pantchito, mayi a kunyumba kwawo anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Achibale anati awatengere mayiwo kwa azichemwali awo, poti mwamuna sangathe. A Tifika anakana. Ankawasambitsa okha, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, kuchapa zofunda n'kukayanika pachingwe anthu akuona. Ena ankawaseka kuti anadyetsedwa. Iwo analibe nazo ntchito.

Tsiku lina anabwera pakati pa mlungu, lomwe silinali tsiku lawo. Anadikira anthu onse atuluke, kenako anati, "Undiphunzitse kudula tsitsi la munthu wamkazi. Amayi sakufuna kuti mlendo awaone mmene alilimu, komanso akuti sakufuna kuoneka ngati thengo." Ndinatenga wigi yakale ya mkazi wanga, tinaiveka pa ndowa yovundikira, n'kuyamba sukulu. Bambo wa imvi, zala zozolowera chiwongolero, atagwira kasizasi, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Wigi ija tinaimaliza yonse, ndipo mkazi wanga mpaka lero amandikumbutsa. Koma anaphunzira. Ndinawapatsa sizasi ndi chipeso changa chabwino. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Lamlungu lililonse masana, ankawakhazika mayi aja pakhonde n'kuwakonza tsitsi. Ine ndikakangana ndi mkazi wanga pa nkhani zopanda mutu, ndinkangokumbukira bambo amenewa, manyazi n'kundigwira.

Mayi aja anamwalira chaka chatha. Pamaliro a Tifika sanagwetse msozi, ndipo anthu ankawatama kuti ndi mwamuna wolimba. Nanenso ndinawatama nawo.

Kenako mavuto anayamba kubwera motsatizana ngati anapangana. Maso onse awiri anachita ng'ala, moti nyuzipepala anasiya kuwerenga. Msana womwe unkawavuta kuyambira kale chifukwa cha mipando ya mabasi unafika poti kuwerama kumanga nsapato ndi nkhondo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, anawatenga kukakhala nawo kutsidya lina la tawuni. Musandimve molakwa, Aphungu, mwanayo ndi munthu wabwino kwambiri. Anawapatsa chipinda chawochawo, bedi latsopano, wailesi ya kanema. Nyumba ndi ya mpanda, geti lachitsulo. Koma akagwira tsache, amawalanda. Akati athirire maluwa, amawauza kuti, "Bambo, munagwira kale ntchito yanu, pumulani." M'mawa aliyense amapita kuntchito kwake, iwo n'kutsala ndi galu mpaka madzulo. Anzawo a kudepoti ena anamwalira, ena anapita kwawo. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti, "Andiimika pa njerwa, matayala achotsa."

Ankabwerabe kudzameta, ngakhale kuti tsopano amakwera maminibasi awiri. Wometa amaona zinthu zomwe ena saona. Nsalu yomwe ndimamanga m'khosi inayamba kutsala yaitali, kusonyeza kuti khosi likuchepa. Ndevu anasiya kuzisamala. Za mpira anasiya kukangana nazo, munthu yemwe ankatha kuimitsa benchi yonse ndi nkhani ya penate imodzi. Ankati sakupeza tulo, akagona pang'ono amadzuka kunja kusanache. Ndipo kawiri konse ndinamva fungo la mowa m'mawa, kwa munthu yemwe moyo wake wonse ankati dalaivala ndi botolo sakwera basi imodzi. Zonsezi ndinaziona, koma ndinkati ndi ukalamba.

Loweruka lapitali anabwera ali munthu wina. Malaya ositidwa, nsapato zopolishidwa, nthabwala zili mbwee. Mtima wanga unati phee, ndinati bambo aja abwerera. Chipewa chawo cha kuntchito, chomwe sankalola munthu kuchigwira, anapatsa wosoka nsapato wa khomo loyandikana nane. Kwa ine anatulutsa kaphukusi ka duku la malemu. M'kati munali sizasi ija, chipeso chija, ndi satifiketi yomwe kampani inawapatsa chifukwa choyendetsa popanda ngozi. Anati, "Izi zikhale kwa iwe. Ndipo lero undimete bwino, ngati ndikukafunsira mbeta."

Benchi itatsala yokha, ndili pakati pometa, anati, "Mwanawe, dalaivala wabwino amadziwa nthawi yozimitsa injini." Ndinaseka, poganiza kuti ndi miyambi yawo ya masiku onse. Koma anapitiriza. "Ine ndasanduka katundu wa padenga, wongolemetsa basi. Mwana wanga akuvutika nane. Nditachoka, angapumeko."

Ndinazimitsa mashini. Sindikudziwa komwe ndinatenga mphamvu, koma ndinawayang'ana pagalasi n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi mukuganiza zodzipha?" Liwu limenelo litatuluka ndinachita mantha ngati ndatukwana. Kenako anati, "Masiku ena, inde. Makamaka Lamlungu masana. Manjawa amasowa chogwira." Anandiuza kuti anaganizapo kale ndi njira yake, yomwe sindilemba pano. Anandiuzanso kuti achimwene awo aakulu anapita mwa njira yodzipha kalekale, koma pabanja amangoti anadwala malungo. Ankalankhula mofatsa, ngati akundiuza nthawi yonyamukira basi. Misozi yomwe sanagwetse pamaliro ndinaiona tsiku limenelo, ikutsikira pa nsalu yanga.

Atatha, anandigwira pamkono mwamphamvu. Anati, "Zimenezi zithere pampando pano. Mwana wanga asamve. Lonjeza." Aphungu, ndinalonjeza. Ndikanatani? Munthu anali atandigwira, akundiyang'ana m'maso.

Kaphukusi kaja ndinakana kulandira. Ndinati, "Sizasi ndinakupatsani, sindinakubwerekeni." Ndinatseka shopu Loweruka, tsiku la anthu ambiri, n'kunama kuti ndikukagula malezala kutsidyako, cholinga ndiwaperekeze. Pageti tinapeza mwana wawo, aphunzitsi aja. Anandithokoza kwambiri kuti ndimawasamalira bambo awo. Ine ndinangoti, "Zikomo, madamu." Lamlungu masana ndinapitanso, ndikunamizira kuti ndinaiwala kuwakonza ndevu, ndipo ndinakhala nawo mpaka a panyumbapo atabwerako kutchalitchi. Lero ndi Lolemba. Sindingatseke shopu tsiku lililonse, ndipo mabodza anga atha.

Mkazi wanga akuti ndiwauze aphunzitsi lero lomwe. Koma ine ndili ndi mantha awiri. Choyamba, mpando wa wometa umamva zambiri, za maukwati, za matenda, za kuntchito, ndipo sindinatulutsepo nkhani ya munthu. Ndikaulula, a Tifika sadzapondanso pakhomo panga, ndiye adzataya malo okhawo omwe amalankhulako za kukhosi. Kodi pamenepo ndawathandiza kapena ndawakankha? Chachiwiri, ndine yani ine, wometa wa pakona, kukauza munthu wophunzira kuti bambo ake m'nyumba mwake momwe atopa ndi moyo? Angaone ngati ndikumunena kuti sakuwasamalira.

Bambo amenewa ananyamula anthu miyandamiyanda n'kukawatula kwawo ali bwinobwino. Ananyamula mkazi wawo zaka zisanu ndi chimodzi osadandaula. Zikundipweteka kuti lero akudziona ngati katundu. Ndithandizeni. Nambala yanga ya foni ndalemba kuseri kwa pepalali.

Ine wosowa tulo,
W. M., wometa wa pakona

Achimwene wometa,

Kalata yanu sindinaiike pamzere. Nditangoiwerenga Lachiwiri m'mawa ndinakuimbirani, chifukwa nkhani ngati iyi sidikira tsiku la nyuzipepala. Zomwe tinakambirana mukuzidziwa. Ndikuzilemba pano, monga munandilolera inu ndi banjalo, titabisa zowazindikiritsa, chifukwa a Tifika ali m'nyumba zambiri, ndipo si onse ali ndi wometa ngati inu.

Ndiyambe ndi kukuvulirani chipewa. Munachita chinthu chomwe anthu ambiri, ophunzira ndi opemphera omwe, amachithawa. Munazimitsa mashini n'kufunsa funso ndi dzina lake lenileni. Ambirife tikamva mkulu akuti "ndatopa nawo moyo" timayankha kuti, "Aa, agogo, musatero, mudzaona zidzukulutudzi," n'kusintha nkhani. Timaopa kuti tikatchula za kudzipha ndiye kuti tamupatsa maganizo. Si zoona. Funso silibzala maganizo omwe mulibe. Limangotsegula zenera m'chipinda momwe munthu wakhala akubanika yekha. Umboni wake mwauona nokha. Munthu amene sanalire pamanda analira pampando wanu. Kukana kaphukusi kaja, kuwaperekeza, kukakhala nawo pa ola lomwe anakuuzani kuti ndi lowawa, zonsezo munachita bwino, popanda wokuphunzitsani.

Munalakwa pa chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinakuuzani pafoni mosapsatira. Lonjezo lija silinali loti mupereke. Chinsinsi cha mwamuna amene ali ndi chibwenzi kuseri sungani, si chanu. Chinsinsi cha munthu amene ali ndi maganizo odzipha, njira anaiganiza kale, katundu wayamba kugawa, chimenecho sichisungidwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lolemera kuposa wometa mmodzi wokhala maminibasi awiri kutali.

Munandifunsa kuti munthu wolimba chonchi wafika bwanji pamenepa. Bwererani m'kalata yanu, yankho munalilemba nokha. Anataya mkazi, ndipo tsiku lomwelo anatayanso ntchito, chifukwa kudwazika kuja ndi komwe kunkawadzutsa m'mawa. Wodwazika nthawi yaitali maliro akatha amatsala manja lende, ndipo anthu amangoti wapumula. Onjezani ululu wa msana wosatha, womwe umadya munthu pang'onopang'ono ngati chiswe. Onjezani maso, poti munthu amene sakuona bwino dziko limamuchepera. Kenako anazulidwa pamalo pomwe aliyense ankawadziwa n'kukaikidwa kuseri kwa geti komwe ndi "bambo ake a aphunzitsi" basi. Kusowa tulo, kuonda, kusiya kukonda zomwe ankakonda, zimenezo si ukalamba wamba. Kawirikawiri ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, omwe ndi matenda enieni ngati shuga, ndipo ali ndi thandizo kuchipatala. Mowa umabwera ngati mnzako wodzakutonthoza, koma umakulitsa chisoni n'kuchepetsa mantha ochita zoopsa. Imfa ya achimwene awo ija nayonso si yoinyalanyaza, chifukwa banja lomwe linaonapo zotere limafunika tcheru chapadera.

Koma mawu oopsa kuposa onse m'kalata yanu ndi akuti "katundu". Mkulu akayamba kukhulupirira kuti ana ake angapume iye atachoka, imfa imayamba kuoneka ngati mphatso yomwe akuwapatsa. Ndipo amene amagwa msanga mu msampha umenewu ndi anthu ngati a Tifika omwewo, ozolowera kunyamula ena, osazolowera kunyamulidwa. Abambo achikulire ndiye amabisa kwambiri, poti anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chabwino. Nanga dambolo likayaka, amathira madzi ndani?

Owerenga, gwirani mfundo iyi. Tsiku lomwe wometayu mtima wake unati phee ndi tsiku lomwe linali loopsa kwambiri. Munthu amene wakhala wachisoni miyezi yambiri akasintha mwadzidzidzi, n'kuyamba kuseka, kuvala bwino, kugawa zinthu zomwe ankazikonda, kutsanzika mozungulira, musathamangire kuthokoza. Nthawi zina kumeneko ndi kupepukidwa kwa munthu amene watsimikiza mtima. Funsani.

Pafoni ndinakuuzani kuti musapite kwa aphunzitsi mozemba. Mupite kaye kwa mwini wake, tsiku lomwelo, mukamubwezere lonjezo lake pamaso. Munatero. Madzulo ake munandiimbira n'kundiuza kuti munawapeza pakhonde ndipo munati, "Bambo, lonjezo lija ndalephera nalo. Musankhe chimodzi. Muwauze nokha ine ndili pambali panu, kapena ndiwauze ine inu muli pomwepo. Koma sindichoka pano asanamve." Munati anakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Ndimayesa ndiwe munthu, kani ndiwe wailesi." Mawu amenewo anakulasani, ndinamva m'mawu mwanu. Koma simunadzuke pampando. Munakhala nawo maola awiri mpaka aphunzitsi anatsegula geti.

Ndipo anasankha kunena okha. Pamenepo ndiye ndinawalemekeza a Tifika kuposa pa zaka 36 zawo zija, chifukwa kwa bambo wotere, kuuza mwana wake kuti "ndalefuka" ndi phiri lalikulu kuposa onse omwe anakwerapo ndi basi. Mantha anu achiwiri aja anapita pachabe. Aphunzitsi sanakunyozeni. Munati anagwada pansi, zovala za kusukulu zodzaza choko zili m'thupi, n'kuwagwira bambo awo mawondo, akuti, "Bambo, katundu ndi inu? Ine ndimathamanga kuchokera kusukulu kuti ndidzakupezeni. Ndimakulandani tsache chifukwa ndinkaona mmene munavutikira ndi amayi. Ndimayesa ndikukulipirani." Iwo anayankha kuti, "Ndiye undilipire ndi tsachelo."

Lachitatu aphunzitsi anawatengera kuchipatala, ndipo nditalankhula nawo anandiuza kuti anatsatira zomwe ndinapempha. Sanangonena za msana n'kubwerako ndi mapilitsi opha ululu. Anamuuza dokotala mawu enieni akuti, "Bambo anga ali ndi maganizo odzipha." Zimenezi n'zofunika, chifukwa akuluakulu ambiri akafika kwa dokotala amangotchula za thupi, zamumtima n'kubwerera nazo. Dokotala anacheza nawo paokha, anaunikanso mankhwala onse omwe akumwa, anawayambitsa thandizo la kukhumudwa, anawalumikiza ndi mlangizi, n'kuwapatsa tsiku lokaonetsa maso. Ng'ala nthawi zambiri imachotsedwa, ndipo munthu amatha kuonanso.

Tsopano ntchito yatsala ndi iyi, ndipo ndikulankhula kwa inu ndi kwa aphunzitsi pamodzi.

M'nyumba muchotsedwe chilichonse chomwe anatchula kuti angadziphere, pamodzi ndi mankhwala otsala a malemu, mankhwala ophera tizilombo, ndi mowa. Mankhwala awo asunge munthu wina n'kumawapatsa a tsiku limenelo. Muwauze chifukwa chake, musachite mobisa ngati mukubera mwana. Maganizo odzipha amabwera ngati mkuntho, amafika pachimake kenako amatsika. Ngati pa ola loipalo palibe chogwira pafupi, munthu amapulumuka.

Milungu ino asakhale okha tsiku lonse ndi galu. Gawanani masiku, achibale, a kutchalitchi, anzawo a kudepoti omwe atsala. Lamlungu masana likhale ndi mwini wake nthawi zonse. Koma musawalondere ngati mkaidi, anthu atakhala phee kuwayang'anitsitsa. Apatseni chochita chenicheni chomwe chikapanda kuchitika anthu adandaule. Maluwa akhale awo, akafota afunsidwe. Aphunzitsi anandiuza kuti amuna awo akuphunzira kuyendetsa galimoto ndipo agunda kale geti kawiri. M'nyumba muli munthu wodziwa msewu chotere, inu n'kumamuuza kuti apumule? Akhale pampando wa pambali, alangize. Chikondi chomwe chimalanda munthu ntchito zonse chimamulandanso chifukwa chodzukira.

Muwalole alire mkazi wawo. Tchulani dzina la malemu m'nyumbamo, funsani mmene anakumanirana, tulutsani zithunzi. Musawauze kuti alimbe mtima. Analimba kale mokwanira, ndipo taonani komwe kulimbako kunawafikitsa. Musawalalikire za tchimo kapena kuwachititsa manyazi kuti akufuna kunyazitsa banja. Munthu amene akudziona ngati katundu ukamuonjezera mlandu, wamuonjezera kulemera.

Kwa inu akuluakulu amene mukuwerenga izi mwakachetechete, mwina mwana wanu atakugulirani nyuzipepala, ndipo mwadziona m'nkhaniyi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Uzani munthu lero. Mwana wanu, m'busa, namwino, mnzanu wa pabawo, ngakhale wokumetani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Maganizo akuti ana anu angapume mutachoka ndi bodza la matendawo. Ndalandira makalata ambiri a ana otsala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti anapuma.

Inunso achimwene wometa, mwasenza zolemera mlungu uno. Idyani, gonani, muuzeni mkazi wanu zomwe zili mumtima. Mayi ameneyo anaona zoona Lolemba lomwe lija, muzimumvera. Inu si dokotala wa a Tifika ndipo si inu nokha mlonda wawo. Ndinu mnzawo, ndipo udindo umenewo ndi wokwanira.

Chenjezo langa ndi ili. Musaone ngati nkhondo yatha chifukwa afika kuchipatala. Mankhwala a kukhumudwa amatenga milungu kuti ayambe kugwira, ndipo nthawi yomwe mphamvu zikubwerera m'thupi koma mtima usanapole imafuna maso kwambiri. Asasiye mankhwala okha, asaphonye tsiku la dokotala. Tsiku lokumbukira imfa ya mayi aja likamayandikira, yandikiraninso. Funso lija mulifunsenso, mwezi uno, mwezi wamawa, mosazungulira. Akadzanena kuti maganizo abweranso mwamphamvu, kapena mukadzaona ayambanso kutsanzika, musawasiye okha ngakhale kwa mphindi zochepa, ndipo musadikire kuti kuche bwino. Pitani nawo kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo.

Dzulo munandiuza modandaula kuti sakukulankhulanibe, ndipo aphunzitsi akuti pa chakudya chilichonse bambo awo amatha mphindi khumi akufotokoza za kuipa kwa ometa a masiku ano. Alekeni akunyanyalireni. Pitanibe Lamlungu, mukhale pakhondepo, ngakhale akupatseni nkhongo. Kuli bwino akutcheni wailesi chaka chonse ali moyo, kusiyana n'kuti mukaime pamanda awo muli munthu wosunga chinsinsi.

Aphungu